Njinga yopinda yogula kwa munthu: muyambire pati poikonza?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wokhala ku Mabvuku mumzinda wa Harare, amene amagwira ntchito ku Msasa. Iwo agula njinga yopinda pakati kwa munthu wina ku Mbare, ya matayala a mainchesi 20 ndi magiya 6, ndipo akuti anaikonda chifukwa chipinda chimene amachita lendi n'chaching'ono, choncho njinga yotere ikhoza kugona kuseri kwa chitseko m'malo mogona panja. Mavuto ake ndi akuti imalira popindira akamapalasa, matayala ang'aluka m'mbali, tcheni chachita dzimbiri, mabuleki sagwira mokwanira, ndipo pamsewu wosalala miyendo imazungulira mofulumira koma liwiro silioneka. Wowotcherera wina wa kufupi ndi kwawo wawalangiza kuti awotcherere popindirapo kuti phokoso lithe. Akufunsa ngati achite zimenezo, komanso ngati n'zotheka kuikapo magiya 21 ndi mabuleki a disiki onga a njinga zam'mapiri.

Bambo, ndiyambe ndi malangizo a wowotcherera uja, chifukwa ndiwo angakuwonongereni njinga tsiku limodzi: musalole. Mukawotcherera popindira mudzatsala ndi kanjinga ka matayala ang'onoang'ono kosapinda, kutanthauza kuti mwataya chimene munagulira, koma vuto lalikulu si limenelo. Njinga zambiri zopinda zamasiku ano zili ndi felemu ya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu ya njinga imapeza mphamvu zake poiwotcha felemu yonse mu uvuni wa kufakitale pambuyo polumikiza zigawo zake. Munthu akaitenthetsanso pamalo amodzi, mbali yoyandikana ndi chilondacho imafewa, ndipo tsiku lina imathyoka pomwepo popanda kuchenjeza. Kuti mudziwe mtundu wa felemu yanu, tengani maginito a m'sipika yakale muwagunditse pa felemuyo. Akamata ndiye kuti ndi chitsulo, akagwa ndi aluminiyamu.

Musanagule kalikonse, ngakhale chubu, muthe kaye nkhani ya popindira, chifukwa ndi pamene pakuuzeni ngati njingayi ndi yoyenera kuonongerapo ndalama. Pukutani pamalopo ndi nsalu yonyowetsa m'parafini mpaka litsiro lonse lichoke, kenaka tulukani nayo panja masana, muyang'anitsitse m'mphepete mwa mizere yonse imene anawotcherera kufakitale, pamwamba ndi pansi pomwe. Mng'alu wa pa felemu umaoneka ngati katsitsi kakuda, ndipo nthawi zina chizindikiro chake choyamba chimangokhala penti yong'ambika mumzere woongoka, kapena kadzimbiri kofiira kotuluka mumzere umodzi ngati felemu ndi yachitsulo. Mukatero tsekani njingayo monga mmene mumaitsekera pokwera, gwirani buleki ya kutsogolo mwamphamvu, ikani chala cha dzanja lina pa mpata wa popindira, ndipo muikankhire kutsogolo ndi kumbuyo. Chala chimamva kugwedera kumene diso silingaone.

Ngati mwapeza mng'alu pa felemu ya aluminiyamu, malangizo anga ndi owawa koma ndi amodzi okha: musaikwerenso, chotsanipo zipangizo zabwino muzisunge, ndipo mufunefune felemu ina. Felemu yachitsulo ili ndi mwayi wokulirapo, pakuti mmisiri wodziwa kulumikiza ndi mkuwa angathe kukonza mng'alu waung'ono umene uli kutali ndi popindira, ngakhale kuti ine sindikhulupirira chigamba chilichonse choikidwa pa hinji penipeni, kutanthauza popindira paja. Koma ndikuganiza kuti simupeza mng'alu, chifukwa kulira kwa njinga zotere kawirikawiri kumachokera pa zinthu zing'onozing'ono. Chotsekera cha pa hinji chimakhala ndi bawuti kapena nati yosinthira kulimba kwake, ndipo ikamasuka pang'ono nkhope ziwiri za hinji zimakhulana, n'kumalira. Mangitsani pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira nthawi iliyonse, mpaka chotsekeracho chizifuna kukankhidwa ndi chikhatho potseka. Chikamatsekeka ndi chala chimodzi n'chomasuka kwambiri, ndipo chikamafuna kumenyedwa mwamangitsa mopyola, zimene nazonso zimang'alula hinji. Pakani girisi pang'ono pa nkhope zokhudzanazo ndi kadontho ka oilo pa pini, ndipo onetsetsani kuti kaloko kakang'ono koletsa chotsekera kutseguka chokha kalipo ndipo kakugwira ntchito. Ngati kugwedera kukupitirira mutamanga bwino, ndiye kuti pini ya hinji yadyeka kapena bowo lake lakula. Apa ntchito yanu ya ku Msasa ikuthandizani, chifukwa kudera la mafakitale ngati limenelo kumapezeka amisiri a makina a lathe amene angakusulireni pini ina yolowa mothina. Muwatengere njinga yonse kuti ayeze okha bowolo.

Hinji yachiwiri, imene anthu ambiri amaiiwala, ili m'munsi mwa mtengo wa mahandulo, ndipo kwa ine ndi yoopsa kuposa ya pakati, chifukwa ikamasuka muli paulendo mahandulo amagwa m'manja mwanu. Iyeseni mofanana ndi ina ija. Muzolowerenso kusakoka mahandulo mwamphamvu pokwera chitunda monga timachitira pa njinga zazikulu zakuda zija, popeza mtengo wa mahandulo a njinga yopinda ndi wautali ndipo mphamvu yonse ya mikono yanu imakathera pa kahinji kameneko. Paipi ya chishalo nayo ndi yaitali kwambiri. Ili ndi mzere wosonyeza polekezera poikweza, ndipo mzerewo suyenera kuoneka kunja kwa felemu, chifukwa ukaoneka pakamwa pa felemu pamang'aluka. Paipi imeneyi ndi yonenepa kuposa ya njinga wamba. Pa njinga za Dahon ndi zambiri zotengera kapangidwe kake imakhala ya mamilimita 33.9, pamene ya Brompton ndi ya 31.8, kotero ngati yanu yapindika musagule ina mongoyerekeza ndi maso. Dziwaninso kuti opanga njinga zopinda ambiri amaika malire a kulemera pakati pa makilogalamu 100 ndi 110, kuphatikizapo katundu. Si njinga ya kabaza iyi, ndipo thumba la ufa la makilogalamu 50 pa kaliyala wake lidzaipha msanga.

Ndingotchulapo mwachidule nkhani ina pamene njinga mwaitembenuza. Pansi pa felemu, pamene pamalowa ekiselo ya mapedulo, kawirikawiri pamadindidwa nambala ya njingayo. Ilembeni penapake, muijambule pafoni, ndipo ngati wogulitsa uja mungathe kumupezanso, mumupemphe kalata yaifupi yosonyeza kuti anakugulitsani. Katundu wogula pamsika nthawi zina amabwera ndi mbiri imene wogula sakuidziwa.

Felemu ikapambana mayeso amenewa, chotsatira ndi kumasula, kutsuka ndi kupaka girisi, ntchito imene imafuna nthawi kuposa ndalama. Mahabu a matayala onse awiri (zitsulo za pakati pa tayala pamene pamachokera masipoko), maberingi a foloko ndi a ekiselo ya mapedulo ayenera kutsegulidwa, timipira tachitsulo ta m'kati titsukidwe m'parafini, ndipo tikakhala ndi timaenje kapena tada tisinthidwe tonse pamodzi. Pa mahabu wamba, la kumbuyo limatenga timipira 9 mbali iliyonse ta kotala ya inchi, ndipo la kutsogolo limatenga 10 ta 3/16, koma werengani timene mwapezamo musanatitaye chifukwa mahabu ena ndi osiyana. Pomanga musathinitse. Tayala lizizungulira momasuka popanda kugwedera cham'mbali. Kumbukirani kuti pedulo ya kumanzere ili ndi mazinga otembenuka, imamasuka mukaizunguza mbali imene zinthu zina zimamangira, ndipo amisiri achinyamata ambiri adawononga mikono ya mapedulo chifukwa chosadziwa zimenezi. Ngati mapedulo anu ndi opinda apulasitiki ndipo ayamba kulendewera, asintheni, pakuti pedulo yothyoka mutaimirira imavulaza koposa.

Pa matayala ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama pachabe, chifukwa mawu akuti mainchesi 20 amanama. Pali mikombero iwiri yosiyana imene yonse imatchedwa 20. Wina ndi wa mamilimita 406 ndipo wina ndi wa 451, ndipo tayala la umodzi silingalowe pa unzake ngakhale mutalimbana nalo tsiku lonse. Yang'anani m'mbali mwa tayala lakalelo, mudzapeza nambala ngati 47-406 kapena 28-451. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala ndipo yachiwiri ndi kukula kwa mkombero. Mwina tayala lidzangolembedwa kuti 20 x 1.75, zimene zikutanthauza 406, kapena 20 x 1 1/8 kapenanso 20 x 1 3/8, zimene zikutanthauza 451. Chisokonezo chomwechi chilipo pa njinga za mainchesi 16, pamene pali 305 ndi 349. Ngati yanu ndi 406 muli ndi mwayi, chifukwa ndi saizi ya njinga za BMX ndi za ana okulirapo, choncho matayala ndi machubu ake savuta kupeza m'mashopu a njinga m'tauni ngakhale ku Mbare komweko. Pitani ndi tayala lakale m'manja.

Posankha tayala, ganizirani misewu imene mumayendamo. Tayala laling'ono limagwera m'dzenje mozama kuposa lalikulu, ndipo maenje a m'misewu ya Harare mukuwadziwa, makamaka mvula ikagwa n'kuwabisa pansi pa madzi. Pa chifukwa chimenechi ndikulangizani tayala lonenepa, la 1.75 kapena 1.95 ngati mpata wa foloko ndi madigadi ukulola, losakhala ndi zigoba zikuluzikulu za m'matope, zimene zimangolemetsa mwendo pa tala. Mtundu wa Schwalbe Marathon umadziwika kuti subooka msanga, koma ndi wokwera mtengo, ndipo tayala labwino wamba la Kenda lopopedwa mokwanira lidzakutumikirani bwino. Mpweya woyenera umalembedwa m'mbali mwa tayala. Tayala lophwa pang'ono likamenya m'mphepete mwa dzenje, mkombero umaluma chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka, ndipo anthu amadandaula za minga pamene vuto ndi mpweya wochepa. Sinthani lamba wa m'kati mwa mkombero amene amaphimba mitu ya masipoko. Sankhani machubu a vavu yonga ya galimoto, kuti muthe kupopa ngakhale pamalo omwetsera mafuta. Masipoko omasuka kapena oduka apatseni mmisiri wodziwa kuwongola mikombero, pakuti ntchito imeneyi imafuna dzanja lozolowera, ndipo masipoko aafupi a matayala ang'onoang'ono sapezeka paliponse. Ngati mukufuna kusintha tayala lonse la kutsogolo, yezani kaye mpata wa pakati pa miyendo ya foloko. Njinga wamba zili ndi mamilimita 100, koma zopinda zambiri, kuphatikizapo Dahon ndi Brompton, zili ndi 74 okha, ndipo habu la BMX silingalowemo.

Mabuleki a disiki aiwaleni. Amafuna felemu ndi foloko zokhala ndi makutu omangirapo, komanso mahabu apadera, ndipo tizitsulo tongolumikizira timene ena amagulitsa sindingatidalire pa msewu wopita ku Mutare pakati pa maminibasi ndi malole. Mabuleki amene muli nawo angathe kugwira bwino kwambiri mukawasamalira. Mphira zake zimauma ndi zaka n'kukhala ngati pulasitiki, choncho ikani zatsopano, ndipo muziike moti zizigunda mkombero wokha popanda kukhudza tayala. Mawaya a mabuleki asintheni pamodzi ndi makhungu ake (timapaipi tofewa momwe mawayawo amadutsa), chifukwa pa njinga yopinda mawaya amapindidwa tsiku ndi tsiku ndipo amaduka tingwe m'kati mosaoneka. Poduladula makhungu atsopano tsatirani utali wa akale, kenaka pindani njinga muone ngati sakukokeka, pakuti waya wofupikitsa amagwira buleki yekha kapena kuthyoka mukapinda. Ngati muli ndi mabuleki a mtundu wa V, zogwirira zake za pa mahandulo ziyenera kukhala za mtundu womwewo, chifukwa zimakoka waya wautali kuposa za mabuleki akale onga mbano, ndipo kusakaniza mitundu iwiriyi kumapereka buleki yofewa kapena yosagwira. Bwezeraninso maginito aja pa mkombero. Mkombero wachitsulo wonyezimira umaterera koopsa ukanyowa, ndipo ngati anu ali otero, kusintha wa kutsogolo kuti ukhale wa aluminiyamu ndi ndalama imene ndingaike patsogolo pa magiya alionse, poganizira mvula ya pakati pa Novembala ndi Malichi.

Tsopano za tcheni ndi liwiro. Tcheni chadzimbiri chabe chikhoza kutsitsimuka ndi parafini, burashi ndi oilo, koma chotalika chifukwa cha kudyeka sichibwerera. Yezani ndi lula: mfundo 12 zathunthu za tcheni chatsopano zimakwana mainchesi 12 ndendende, kuchokera pakati pa pini imodzi kufika pakati pa ina. Zikapitirira ndi 1/16 ya inchi sinthani tcheni, ndipo zikafika 1/8 ndiye kuti mano a magiya a kumbuyo adyekanso, kotero tcheni chatsopano chidzalumpha pokhapokha musinthe zonse ziwiri. Njinga ya magiya 6 imafuna tcheni chopyapyala cha 3/32, osati chonenepa cha 1/8 cha njinga za giya imodzi.

Dandaulo lanu loti miyendo imazungulira pachabe lili ndi chifukwa chomveka, ndipo magiya 21 sangalithetse. Tayala la mainchesi 20 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mita imodzi ndi theka, pamene la njinga yaikulu ya mainchesi 28 limayenda mamita oposa 2. Tiyerekeze kuti sipuloketi yanu ya kutsogolo, gudumu la mano limene mapedulo amazunguza, ili ndi mano 44, ndipo giya yaing'ono kwambiri kumbuyo ili ndi mano 14, monga zimakhalira pa magiya 6 ambiri amene amayambira 14 kufika 28. Mukapalasa kamodzi tayala limazungulira katatu ndi pang'ono, ndipo mumayenda mamita 4.7. Imeneyo ndiyo giya yanu yolimba kwambiri, komabe siifika pa giya imodzi yokha ya njinga yakuda ya kumudzi, imene imayenda mamita 5 kapena kupitirirapo. Mukaika sipuloketi ya mano 52, kupalasa kumodzi kumakupatsani mamita 5.6, ndipo munthu wopalasa ka 80 pa mphindi amachoka pa liwiro la makilomita 23 pa ola kufika pafupifupi 27. N'chifukwa chake njinga zopinda zabwino zimabwera ndi sipuloketi yaikulu imene imaoneka ngati yosayenerana ndi kanjingako. Giya yanu yofewa kwambiri idzakhala ya mamita 2.8, ndipo pa zitunda zazitali koma zosatsetsereka kwambiri za m'Harare imeneyo ikukwanirani. Werengani kaye mano a sipuloketi imene muli nayo, chifukwa ngati ndi 52 kale, mwina vuto ndi lakuti tcheni sichikufika pa giya yaing'ono ya kumbuyo, ndipo zimenezo zimangofuna kusintha kasikuluwu ka malire ka pa chosinthira magiya ndi kulimba kwa waya wake.

Mukasankha kukulitsa sipuloketi mudzafunika tcheni chotalikirapo, ndipo muonetsetse kuti mano ake sakukhudza felemu kapena pansi njinga itapindidwa. Pezani yokhala ndi chotchingira m'mbali, chabwino koposa cha mbali zonse ziwiri, chifukwa pa njinga yaifupi tcheni chimayenda mopingasa kwambiri ndipo chimagwa msanga, komanso chotchingiracho chimateteza buluku la kuntchito. Magiya 21 amafuna masipuloketi atatu kutsogolo ndi chosinthira chake, chimene pa felemu zambiri zopinda chilibe pomangirira chifukwa paipi yake ndi yonenepa, ndipo masipuloketi awiri owonjezerawo ndi ang'onoang'ono, ongokupatsani magiya ofewa amene simukuwasowa. Chosinthira magiya cha kumbuyo chikhale cha mkono waufupi, chifukwa cha mkono wautali cha njinga zam'mapiri chimatsika pafupi ndi nthaka pa tayala la 20 ndipo chimatola miyala ndi udzu. Imirirani kumbuyo kwa njinga muone ngati chosinthiracho chili choongoka pansi pa magiya. Njinga zopinda zimagonekedwa ndi kupanikizidwa m'mabuti a magalimoto, choncho kachitsulo kamene chimapachikidwapo kamapindikira m'kati kawirikawiri, ndipo kakapindika kwambiri chosinthira chimalowa m'masipoko.

Penti ibwere pomalizira, ndipo ngati ndalama zathera pa matayala ndi mabuleki, ingodikirani. Pa felemu yachitsulo palani dzimbiri ndi sandipepa yosalala, pakani penti yoyamba yoletsa dzimbiri, kenaka mtundu umene mukufuna, koma musapake pa nkhope za hinji, pa chotsekera kapena m'kati momwe mumalowa paipi ya chishalo, chifukwa penti ikadyeka pamenepo zonse zimamasukanso. Ine ndimaona kuti njinga yooneka yakale koma yoyenda bwino ili ndi ubwino wake m'tauni, popeza maso a akuba amathamangira chonyezimira. Zimene sindingazengereze kugula ndi nyali ya kutsogolo yoyera, ya kumbuyo yofiira ndi chovala chowala, pakuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi mudzanyamuka kusanayere bwino, ndipo wokwera kanjinga kakafupi saoneka msanga kwa dalaivala wa lole. Madigadi nawonso ndi ofunika, chifukwa tayala laling'ono limazungulira mofulumira n'kuthira matope pa tcheni ndi pamsana.

Mukamaliza zonse, musayambe ndi ulendo wa kuntchito. Yesani njingayo Lamlungu m'misewu ya m'kati mwa Mabvuku, mutanyamula sipanala ndi makiyi a Allen a 4, 5 ndi 6, mugwire mabuleki mwamphamvu kangapo, mudutse magiya onse, kenaka muipinde ndi kuitambasula kasanu kuti muone ngati palibe waya wokokeka. Pakatha sabata imodzi ya maulendo a ku Msasa, mawaya atsopano adzakhala atatamuka pang'ono, choncho muwamangitsenso, muyese kulimba kwa zotsekera zonse ziwiri ndi chikhatho, ndipo mupukutenso popindira kuti muone ngati pansi pa girisi sipanatuluke kamzere kakuda kamene simunakaone poyamba.